Chikanda cha ku Kabwata

Kalaba anali kalaliki wa m'boma, wa desiki ya pafupi ndi chitseko, ndipo zaka zonse zimene anakhala ku Kabwata, mu Lusaka, ndege ankangoiona m'mwamba ngati wina aliyense. Ndiye pamene mnzake Oswell anaimba foni ku ofesi kuchokera ku Gaborone, kumene ankaphunzitsa, n'kumuitana kuti akamuone, Kalaba anagwirapo liwu limodzi lokha: ndege.

Oswell anali atafotokoza bwinobwino. Tiketi yoyambira ku Lusaka sakanaikwanitsa. Kalaba akwere basi mpaka ku Livingstone, awoloke Zambezi pa pantuni ku Kazungula, apeze galimoto ya ku Francistown, ndipo kumeneko ndiye akakwere kandege ka Lachisanu. Pomaliza mawu a Oswell anatsika.

"Mune, usanibweletsele vinthu vambili. Chikanda chabe, cha bana Chibesa. Kuchokela pamene tinaika Emmy sininachilaweko."

Emmy anali mkazi wa Oswell. Kale akukhala moyandikana ku Kabwata, iye ndi Petronella, mkazi wa Kalaba, amene ankatchedwa bana Chibesa potengera dzina la mwana wawo, ankasinja chikanda limodzi kuseri kwa nyumba, wina pa mtondo wina pa nthabwala. Anamwalira komweko ku Botswana chaka chapitacho, ndipo Kalaba sanapite kumaliro. Zimenezi zinkamupweteka ndithu, pakuti Kalabayo ankamukonda Oswell.

Koma mtima wa munthu uli ndi zipinda zambiri, ndipo m'chipinda china cha Kalaba munali chikondwerero. Zinali zaka zija sopo ndi mafuta ophikira zinkapezeka pa mzere, ndipo munthu wokwera ndege kupita kunja ankapatsidwa moni ndi manja awiri. Pa mzere wa ufa Kalaba anayamba kudandaula mokweza kuti sakudziwa ngati makutu ake adzapirira m'mwambamo. Bodza sananame. Anangoiwala kutchula basi ndi pantuni.

Sabata isanathe, a Morris, tcheyamani wa Chipani m'sekishoni yawo, anafika pakhomo.

"Ba Kalaba, muli shani? Namvela nkhani. Muntu wa mu sekishoni yanga sangayende ku eyapoti eka monga alibe babululu. Tizakupelekezani bonse. Lole napeza kale."

Kalaba anatsegula pakamwa kuti akonze nkhaniyo, koma chimene chinatuluka ndi zikomo.

Lachiwiri madzulo Petronella anaphika chikandacho. Anasinja timizu touma ta chikanda, anasakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola, anatakasa mpaka mkono kuwawa, ndipo chitauma ngati keke n'kuzizira anachikulunga m'pepala n'kuchiika m'chitini cha mabisiketi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo.

"Bashi Chibesa," anatero kwa mwamuna wake akutseka chitinicho, "bauzeni chabe bantu kuti basi yanu ili pa siteshoni ku Kamwala. Chikanda sichiziba suti. Chiziba chabe zuba."

"Bana Chibesa, vonse nakonza. Nizangena mu eyapoti, bazabayibisa ndeke ya kuseni, bazayenda. Ine nizabwelela mu tauni, nakwela basi ya masana. Palibe azaziba."

Petronella anamuyang'ana monga mkazi amayang'anira mwamuna amene anamusankha yekha popanda womukakamiza. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma akuluakuluwo sanavalepo suti yabuluu ngati imene Kalaba anabwereka kwa mlamu wake wa ku Woodlands.

Lachitatu m'mawa lole inadzaza. Amayi a kwaya anaimba njira yonse, kudutsa Chelstone, anthu m'mbali mwa msewu n'kumaganiza kuti ndi ukwati. Kalaba anakhala kutsogolo, chitini pamiyendo, akugwedezera mutu aliyense womupempha sopo. Pa bwalo la ndege a Morris analankhula mawu, mbusa anapemphera, ndipo gulu lonse linakwera pa khonde la pamwamba pamene operekeza ankaimirira kuti abayibitse. Kalaba anayenda mwaulemu kulowera kumene apaulendo ankalowera, anakhota kumanzere, n'kudzitsekera m'chimbudzi.

Ndege ya m'mawa ija inachedwa.

Anthu a ku Kabwata si anthu osiya ntchito pakati. Anabwera kudzaona ndege ikunyamuka ndi mnansi wawo, ndipo sakanachoka isananyamuke. Pa kawindo ka pamwamba Kalaba ankamva kwaya ikubwereza nyimbo. Anakhala pamenepo, tayi pakhosi, chikanda pamiyendo, thukuta likutsika m'suti ya eni ake. Wina akagogoda, iye ankabuula pang'ono kuti amveke wodwala m'mimba. Anadzifunsa kuti mwa amuna onse a kwawo ku Luapula amene anabwera ku Lusaka kudzafuna ulemu, ndani wina anaupezera pamalo ngati amenewa.

Dzuwa litapendeka ndegeyo inabangula n'kunyamuka. Anamva nthungululu, ndipo pamwamba pa onse anamva mawu a mkazi wake.

"Muyende bwino, bashi Chibesa! Musaiwale kuyangana pansi!"

Anadziwa kuti mawu amenewo sankapita kumwamba.

Basi ya masana inali itapita kalekale. Kunyumba sakanabwerera, poti munthu amene ali m'mitambo sangapezeke akugogoda pakhomo pake. Anagona pa benchi pa siteshoni, chipewa chitaphimba nkhope, chifukwa theka la ogulitsa a ku Kamwala ankakhala ku Kabwata.

Tsiku limodzi lotayika limakoka anzake. Anafika ku Kazungula Lachisanu m'mawa, nthawi imene anayenera kukhala akumanga lamba m'ndege. Pantuniyo inali chitsulo chachikulu chafulati, chonyamula malole awiri, njinga, ndi amayi a mitolo ya nsomba zouma. Injini itayamba kunjenjemera, madzi n'kuyamba kuyenda mbali zonse, Kalaba, mwana wa ku Luapula amene ankadzitama ku ofesi kuti anabadwira m'bwato, anagwira chitsulo ndi manja onse awiri. Mayi wina wa nsomba anamuyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato.

"Ba bwana, motoka yanu ni iti?"

"Ili kumbuyo," anayankha Kalaba. Ngakhale pakati pa Zambezi, matenda ake sanamusiye.

Ku Francistown anamuuza mwaulemu kuti ndege yake inapita, ndipo mpando wina upezeka Lolemba. Anaimbira Oswell n'kunamizira misewu. Masiku amenewo anawathera m'kachipinda kotentha ngati uvuni, akusuntha chitini kuthawa dzuwa, kuchiika pansi pa bedi, kuchikupiza ndi chipewa. Kutsegula ankaopa. Lamlungu anayamba kumva kafungo, n'kudziuza kuti ndi nsapato.

Ndege yeniyeniyo, imene anaigulira manyazi onsewa, inali kanthu kakang'ono kogwedera. Anatseka maso ponyamuka, anawatsegula potera, ndipo za m'mitambo zimene anakonzeka kukasimba ku Kabwata sanaonepo n'chimodzi chomwe.

Oswell ankamudikira. Anali ataonda, kolala ya shati ikumuzungulira khosi momasuka. Anakumbatirana nthawi yaitali. Kunyumba, pa tebulo panali mbale yoyera ndi mpeni, zoikidwa kale, ndipo Kalaba anazindikira kuti zakhala pamenepo kuyambira Lachisanu.

Anatsegula chitini. Fungo linadzaza m'nyumba. Pamwamba pa chikanda panali nkhungu yotuwa, m'mbali mwake mukutuluka madzi oterera. Kalaba anafuna kuti pansi patseguke.

Oswell anakokera chitinicho pafupi. Anatenga mpeni n'kuyamba kusenga, mbali iyi, mbali iyo, pamwamba, pansi, modekha ngati munthu wosenda mango ovunda. Mulu wotaya unakula. Pakati penipeni panatsala kachidutswa kofiirira, kouma bwino, kukula kwake ngati bokosi la machesi. Anakanunkhiza, anakaika m'kamwa, n'kutafuna pang'onopang'ono atatseka maso.

"Emmy enze kufaka mpilipili yambili kuchila apa," anatero. "Bana Chibesa benze kumukalipila lyonse."

Anatsegula maso, ali onyowa. "Manje mune, misewu yenze bwanji kuti uchedwe so?"

Kalaba anali ndi nkhani yokonzeka, ya mlatho ndi matayala. Anayang'ana mulu wa chikanda chowola chija, chakudya chimene mnzake akanadya sabata yathunthu akukumbukira mkazi wake, ndipo nkhaniyo inakana kutuluka. M'malo mwake anasimba za lole, za kwaya, za pemphero la mbusa, za chimbudzi, ndi za Petronella akutsanzikana ndi ndege ya anthu ena.

Oswell anayamba kuseka pa lole. Pofika pa chimbudzi anali atagwira m'mimba, mutu uli pa tebulo. Anaseka mpaka kusekako kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, ndipo Kalaba anasendeza mpando n'kulira naye maliro amene sanapiteko aja. Anavula tayi n'kumupatsa mnzake kuti apukutire misozi, poti inali isanagwirepo ntchito ina yanzeru pa ulendo wonsewo.

Tsiku lobwerera litayandikira, anaimba foni kwa mlamu wake ku Woodlands, kumene Petronella ankadikira.

"Chikanda chinafika?" anafunsa mkaziyo, moni asanamalize.

"Chinafika kang'ono."

Petronella sanafunse kuti kang'ono bwanji.

"Ba Morris bafunsa siku," anatero. "Bakuti lole ilipo futi. Tikakulandileni kuti, bashi Chibesa?"

Kalaba anayang'ana chitini chopanda kanthu chimene Oswell anali atachitsuka n'kuchiika pa sutikesi, kuti mwina tsiku lina chidzabwerenso.

"Ku Kamwala, pa siteshoni ya mabasi," anatero. "Ubauze bonse. Na kwaya ibwele."