Buluku la Madamu Kamphale

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti ana aziphunzira ulere ku pulayimale, Kezia Kamphale analembedwa ntchito ya uphunzitsi. Ana anali atakhamukira m'masukulu ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa, choncho aliyense wokhala ndi satifiketi ya JC anaitanidwa. Anawaphunzitsa masabata awiri okha, kenako n'kuwamwaza ngati aphunzitsi ogwirizira. Kezia anamutumiza ku sukulu ina ya kuseri kwa mapiri, cha kumalire a Dowa ndi Ntchisi, kumene nyumba za aphunzitsi zinali ziwiri zokha, zonse zokhala anthu kale.

Iye ankakhala ku chitengwa, kwawo kwa mwamuna wake Elifala, cha ku Nachisaka. Elifala anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa, woimba besi m'kwaya ya kumpingo. Atamva za kutalika kwa sukuluyo analowa m'nyumba. Anatulutsa njinga yake, n'kuipukuta, n'kutsitsa chishalo mpaka pamene chinathera.

"Tengani iyi, mayi a Thoko," anatero. "Ine kumunda ndimapita wapansi."

Njingayo inali yachimuna, yamtanda pakati, yolemera ngati ngolo. Kupalasa Kezia ankadziwa kuyambira ali mtsikana. Chimene sankadziwa n'chakuti ntchito yaikulu idzakhala yosankha chovala.

Tsiku loyamba ahedi a sukuluyo, bambo Nowa Gwaza, anamuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Madamu, mphunzitsi azioneka kuti ndi mphunzitsi. M'kalasi chitenje ayi."

Kezia anali ndi madiresi awiri, siketi imodzi yakuda ndi zitenje zitatu. M'mawa uliwonse tambala akalira kachiwiri ankaima pa chingwe chopachikapo zovala, n'kumazigwira chimodzichimodzi. Siketi yakuda inali yothina. Tsiku lomwe anaivala inang'ambika msoko akukweza mwendo kuti adumphe mtanda, ndipo anaphunzitsa tsiku lonse atatsamira mtengo. Diresi lobiriwira linali lotambalala. Akafika pa mtsetse wa pa Kasupe, pomwe msewu umatsika mokhotakhota mpaka kukafika pa ulalo wa mitengo, mphepo inkalifufumitsa, iye n'kumagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, linalo likutsitsa nsalu pamaondo. Akati amange chitenje pamwamba, miyendo inkamangika, ndipo nsonga ya chitenjecho inkalowa m'tcheni n'kutuluka yakuda ndi girizi. Anayesa kuipisira m'chiuno, anayesa mapini, anayesa kumanga ndi luzi. Pa mitsetse yoopsa ankangotsika n'kumaikankha njinga. Ulendo womwe Elifala ankati ndi wa ola limodzi ndi theka unkamutengera maola awiri ndi theka, ndipo belu linkalira iye akadali kutsidya kwa dambo.

Koma akafika, zonse ankaziiwala. Kalasi yake inali pansi pa mtengo wa mkuyu, ana a Sitandade 1 okwana zana limodzi ndi makumi atatu, ena aakulu oti akanatha kulima ndime yawoyawo, ena amamina ali m'mphuno. Bolodi ankaitsamiritsa pa tsinde. Akalemba "a" ana onse n'kufuula pamodzi, mbalame zinkathawa mumtengomo, ndipo Kezia ankamva kuti naye ndi munthu.

Mwezi wachiwiri kunabwera mkulu wake Veronika, yemwe ankataipa makalata mu ofesi ina ku Dowa Boma. Ataona zitenje zothimbirira girizi zili pachingwe anaseka, n'kupisa dzanja m'chikwama. Anatulutsa buluku lakuda la pakaunjika, lansalu yofewa.

"Vala ili. Lamulo loletsa akazi mabuluku lija linatha. Kodi wailesi simumva kuno?"

"Wailesi timamva, achemwali. Koma wailesiyo sipita nafe kuchitsime."

"Ndiye uziduka miyendo chifukwa choopa pakamwa pa anthu? Ku Lilongwe atsikana akuyenda nawo masana dzuwa likuswa mtengo."

"Kuno si ku Lilongwe."

Veronika analisiyabe pamphasa. Linakhala pansi pa sutikesi sabata yathunthu. Kenako ahedi anamuitana Kezia kachitatu pa nkhani ya kuchedwa, ndipo madzulo a tsikulo analitulutsa n'kumuonetsa mwamuna wake. Anamufotokozera zomwe anaganiza. Azivala bulukulo kunsi kwa chitenje pochoka pakhomo, atapinda miyendo yake mpaka m'maondo. Akadutsa mudzi, pa nkhalango ya bulugama, azivula chitenjecho n'kuchimanga pa keliyala. Akayandikira sukulu azilowa m'chigwembe n'kuvala diresi.

Elifala analitembenuza bulukulo m'manja kwa nthawi yaitali.

"Bola asakuoneni," anatero pomaliza.

Kwa masabata atatu Kezia anayenda ngati wamera mapiko. Mwendo unkadumpha mtanda mosavuta. Pa mtsetse wa pa Kasupe manja onse awiri ankakhala pachiwongolero, mphepo ikumuwomba kumaso, ndipo tsiku lina anadzidzimuka atadzimva akuimba. Akaona munthu patali ankatsika msanga n'kudzifunda chitenje, munthuyo akadutsa n'kupitiriza. Anayamba kufika belu lisanalire, mpaka ankapeza nthawi yosesa pansi pa mkuyu ndi ana ofika molawirira. Ahedi anamuyamikira pamaso pa aphunzitsi anzake.

Lachinayi lina, akuchokera ku sukulu, anatsika mtsetse wina waung'ono womwe umathera pa kona, pafupi ndi mudzi wa m'mbali mwa msewu. M'mawa anadutsapo pali zii. Atangokhota konayo anaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu. Pamudzipo panagwa maliro. Aliyense wapanjinga amayenera kutsika pamasamba otero n'kudutsa wapansi mwaulemu. Kezia anakoka mabuleki, njinga inatsetsereka m'fumbi, n'kukaima pakati penipeni pa azibambo omwe anakhala m'mbali zonse ziwiri za msewu.

Anatsika. Chitenje chinali pa keliyala, chomangidwa ndi mphira, ndipo mfundo inakana. Anaikoka, anaikanda ndi zikhadabo. Nyimbo yomwe amayi ankaimba pakhonde la nyumba ya siwa inayamba kuchepa mawu mpaka inaduka. Palibe amene anamukalipira. Bambo wina wachikulire anangovula chipewa n'kuphimba nacho kumaso. Munthu wina kumbuyo ananena chapansipansi kuti, "Matipate ndi imeneyi," ena n'kutsokomola pobisa kuseka. Mfundo itamasuka, aliyense anali ataona kale zonse.

Lolemba anamuitanira mu ofesi ya ahedi. Munali ahediwo ndi mayi wina wa m'komiti ya sukulu, mayi Lusiya, wamtali, wovala mpango wakuda. Womwalira uja anali mchimwene wawo.

Kezia anagwada pansi. "Pepani, amayi. Sindinadziwe kuti pagwa zovuta."

"Ukanadziwa ukanabisa," anatero mayi Lusiya mosakweza mawu. "Ndiye kuti masiku onsewa wakhala ukubisa. Ine, mwanawe, kale ndinakhalitsidwapo padzuwa tsiku lonse pamsika chifukwa diresi langa linaonetsa bondo. Ndinalira, koma ndinaphunzira kuti thupi la mkazi ndi la kulisunga. Lero ndili ndi adzukulu atatu aakazi pansi pa mkuyu paja. Tinawatumiza kudzaphunzira kuwerenga. Ngati zimene uziwaphunzitsa ndi izi, tiwatenga, ndipo sindikunena ine ndekha."

"Ndimavala chifukwa cha njinga basi, amayi. M'kalasi sindinalowepo nalo."

"Amuna ako alibe manyazi?"

Mayiwo atatuluka, ahedi anazunguza cholembera patebulo.

"Madamu, lamulo silikukuletsani, ndipo ine sindingakulembereni kalata pa nkhani imeneyi. Koma makalasi amene tikumangawa njerwa akuumba ndi anthu amenewa. Inu mumapita kwanu madzulo. Ine ndimagona pakati pawo."

Nkhani inafika ku Nachisaka iye asanafike. Kuchitsime amayi ankamupatsa moni wa m'mano. Apongozi ake aakazi anasiya kumutumizira mwana wake Thoko madzulo, n'kumagona naye kwawo. Lamlungu Elifala anabwera kuchokera ku tchalitchi nthawi ya kwaya isanathe. Anakhala pakhonde osavula jekete.

"Andiuza kuti ndipume kaye kuimba," anatero. "Akuti ndikonze kaye za m'nyumba mwanga. Wina wandifunsa kuti kodi kwathu buluku timabwerekana."

Kezia anadikira kuti amukalipire, kuti naye apeze poyankhira. Elifala sanakalipe. Anangoyang'ana pansi, maso ali ofiira.

"Ine ndinakulolani, mayi a Thoko, sindikukana. Koma ndikupemphani. Ndinabadwira pano, ndidzaikidwa pano."

Mkwiyo akanatha kulimbana nawo, koma pempho linamufoola. M'mawa mwake anapinda buluku lija n'kulipereka kwa munthu wopita ku Boma kuti akabweze kwa Veronika.

Mvula inayamba. Msewu unasanduka matope ofiira oterera, omata m'matayala mpaka njinga kukana kuyenda. Kezia anabwerera pa chingwe chake cha m'mawa, kusankha pakati pa zovala zomwe zonse ankazidziwa kuipa kwake. Diresi likanyowa linkamata m'thupi, ndiye ankamanga zitenje ziwiri, china m'chiuno, china m'mapewa. Diresi louma ankalikulunga m'pepala la pulasitiki la feteleza. Anayambanso kuchedwa. Ahedi sankamudzudzulanso, ankangoyang'ana wotchi, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa mawu. Anayamba kudzuka molawirira kwambiri, koma mdima wa m'mawa pa matope sunamuthandize. Anayamba kukwera ndi pamalo pomwe kale ankatsika.

Linali tsiku la mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse. Anamva kuti kukubwera oyendera masukulu, ndipo sanafune kuti amupeze palibe. Atafika pamwamba pa mtsetse wa pa Kasupe anaima pang'ono, n'kupisira nsonga ya chitenje m'chiuno, n'kukwera. Pakati pa mtsetse anamva chinthu chikumukoka. Chitenje chonyowa chinali chitamasuka, n'kukulungika m'tcheni. Anayesa kutsitsa phazi, koma nsalu inali itamumanga miyendo yonse pamodzi ndi njinga. Tayala lakumbuyo linauma, njinga inapingasa, ndipo onse awiri anagubuduka mpaka m'ngalande ya m'mbali mwa ulalo.

Anamupeza ndi amayi opita ku chigayo. Phazi lakumanja linali litayang'ana kumene phazi siliyang'ana. Mmodzi wa amayiwo, asanachite china chilichonse, anavula chitenje chake n'kumufunditsa m'miyendo.

Ku chipatala cha ku Boma anamuika chikhakha. Fupa linathyoka pawiri pamwamba pa kakolo. Veronika ankabwera masana aliwonse ndi chakudya, ndipo tsiku loyamba analira mokwiya.

"Ukanandimvera!"

"Ndinakumverani, achemwali," anatero Kezia. "Kenako ndinamvera enanso."

Anakhala ndi chikhakha miyezi iwiri ndi theka, chifukwa fupa linachedwa kugwirana. Atachichotsa, mwendo unali wowonda ngati bango ndipo phazi silinkapindika bwino. Mu Meyi, fodya ali m'zigafa, Elifala anamukweza pa keliyala n'kupita naye ku sukulu. Pa zitunda ankatsika n'kumakankha njinga mkazi wake ali pomwepo.

Ali patali anamva ana akufuula pansi pa mkuyu. Pabolodi panaima bambo wina wachinyamata wa tayi yofiira. Ana ena atamuona Kezia anaimirira n'kuyamba kukuwa kuti, "Madamu! Madamu!" koma mphunzitsiyo anamenya bolodi ndi kamtengo, onse n'kukhala pansi.

Ahedi anamupatsa mpando, anamufunsa za mwendo, kenako anatsegula kabuku.

"Anatitumizira kalata kuti titumizenso mayina a aphunzitsi ogwirizira amene ali pantchito, kuti adzawaitane ku maphunziro. Inu munalibe. Ana sakanakhala okha miyezi itatu. Uyu ndi mwana wa konkuno, amabwera wapansi."

"Kalata ya kuchipatala ndinatumiza, ahedi."

"Inafika. Ndinaipereka. Yesani kukafunsa ku Boma, mwina angakuoneni."

Ku Boma anapita kawiri. Ulendo woyamba anamuuza kuti wosunga mafayilo wapita ku msonkhano. Ulendo wachiwiri anamuuza kuti mayina anapita kale ku Lilongwe, adikire kulengeza kwina. Veronika anayesa kufunsa kwa omwe ankawadziwa, koma aliyense ankangomulozera khomo lina.

Kezia sanakwerenso njinga yekha, chifukwa phazi lija silinkatha kukankha chopondera. Nyengo yozizira yonse anaithera m'chigafa, atatambalala mwendo pa chiguduli, akusankha fodya, masamba owala mbali iyi, akuda mbali iyo. Amayi a m'mudzi anayambanso kumupatsa moni wabwino, ena ankabwera kudzamuthandiza kumanga fodyayo m'mindindi. Elifala anabwerera ku kwaya.

Tsiku lina madzulo, akutseka chigafa, Elifala anati, "Ndamva kuti chaka cha mawa mwina adzalembanso ena. Mwina adzakupatsani sukulu yapafupi."

Kezia anatola ndodo yake n'kuimirira pang'onopang'ono.

"Mawa mundibweretsere masamba a m'munsi aja," anatero. "Ayamba kuchita nkhungu."