Chidindo cha pa Injini ya Mayi a Matabwa

Moni kwa inu owerenga okondedwa, kulikonse kumene tsamba lino lakupezani. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu wathu amene watisunga amoyo kufikira lero, natipatsa manja ogwirira ntchito ndi misewu yoyendamo. Khalani pansi pang'ono ndikusimbireni za mayi wina ndi lole yake.

Anthu ankawatchula kuti Mayi a Matabwa, chifukwa bwalo lawo logulitsirapo matabwa linali m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pomwe malole amaima kudikira katundu. Amuna awo atamwalira, ambiri ankayesa kuti bizinesi ija ilowa nawo m'manda. Koma mayiwa anaigwira ndi manja awiri mpaka anagula lole yatsopano, yoyera mbee, mipando yake ikadali m'mapulasitiki. Tsiku loitenga anaitana abusa kudzaipempherera, ndipo chiwongolero anachipereka kwa mlongo wawo, munthu amene anamerera imvi pamsewu akuyendetsa malole a eni.

Chisangalalo sichinakhalitse. Lole ija inkamwa oyilo. Sikuti inkadontha ayi. M'mawa uliwonse mlongo wawo ankagwada n'kusuzumira pansi, n'kupeza simenti youma, yopanda ngakhale dontho. Koma akasolola kachitsulo koyezera, oyilo watsika. Akathira lero, sabata isanathe injini yachitanso ludzu. Zigubu zinadzaza kuseri kwa mpando, ndipo fungo lake linalowa mpaka m'zovala za kutchalitchi. Mayiwa ankaseka okha chamumtima: mtsuko wa mkazi wamasiye uja wa m'Malemba sunkatha mafuta, koma wa wamasiye uyu unkachita ngati wabowoka.

Pabwalo la malole nkhani inafika msanga. Amene ankaitsogolera anali a Njerwa, bambo wamkulu mimba ndi mawu omwe, mwini lole yakalekale yonyamula njerwa.

"Mayi a Matabwa, chidakwa chanu chadzuka bwanji? Mwachipatsa kale ya m'mawa?"

"Samalani yanu yokalambayo, bambo. Ikamatsokomola ana amathawa."

"Yanga imatsokomola koma siimwa. Inuyo, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, n'kumasunga chidakwa pakhomo! Abusa akudziwa?"

Mayiwa ankaseka nawo, koma mumtima zinkawawawa. Ankadziwa kuti tsiku lina oyilo adzatha pakati pa ulendo, injini n'kugwirana, ndipo mkate wa ana awo ndi wa ana a mlongo wawo udzaima pomwepo.

Kukampani yomwe inawagulitsa lole anapitako mpaka alonda anawazolowera. Bwana wa kumeneko anali munthu waulemu, wa tayi ndi mawu ofewa. Ankawapatsa mpando ndi tiyi, kenako n'kuyamba nyimbo yake yomweija. Ulendo woyamba anati eni fakitale akuti injini iliyonse yatsopano imanyambitako pang'ono. Ulendo wina anati mwina dalaivala amaponda moto kwambiri. Ulendo winanso anati mwina akulongeza katundu wopitirira.

"Ine kuponda moto?" anatero mlongo wawo akutuluka, mitsempha ya m'khosi itaima. "Kamnyamata kameneka ndinayamba kuyendetsa kasanabadwe!"

Mayi a Matabwa sanakweze mawu. Atabwereranso anakana tiyi, nati, "Bwana, ine ndimagulitsa matabwa. Munthu akandibwezera thabwa lofumbwa, sindimuuza kuti mitengo yonse imafumbwa. Ndimamupatsa lina. Pangano lathu linali loti chikawonongeka chochokera kufakitale mukonza ndinu. Ndabwerera pangano limenelo."

Bwana uja anapuma mozama. "Chabwino mayi, tiiyeza. Koma eni fakitale ali ndi njira yawo."

Njira yake inali iyi. Amakaniko anakhetsa oyilo yense nathira watsopano mpaka pamzere wapamwamba. Kenako anamanga waya wopyapyala pachitsekerero chothirira oyilo, wina pakachitsulo koyezera, wina pabawuti yokhetsera, ndipo nsonga za mawaya anazifinya ndi kamtovu kokhala ndi chidindo cha kampani, napakapo penti yofiira.

"Kagwireni ntchito monga mwa nthawi zonse," anatero bwana. "Mtunda umene takuuzaniwo ukakwana, mubwere tidzaone kuti watsika bwanji. Koma waya uyu akaduka musanafike kuno, mlandu wanu watha. Eni fakitale samvanso chilichonse."

"Nanga oyilo akatha mtunda usanakwane?"

"Sangathe, mayi."

Kuyambira tsiku limenelo mayiwa ankakwera nawo maulendo onse. Sikuti sankamukhulupirira mlongo wawo, koma ankadziwa dzanja lake: linazolowera kuthira oyilo m'mawa monga pakamwa pazolowerera kuyasamula.

Mtunda uja usanafike ndi theka lomwe, anali paulendo wokasiya matabwa a denga kwa womanga wina kutali ndi tawuni. Kunali dzuwa la masana, msewu ukukwera chitunda chokhotakhota. Mayiwa ankang'ung'udza nyimbo ya m'kwaya pamene anaona mlongo wawo wayang'ana padeshibodi kawiri motsatizana. Pakona yotsatira kanyale kofiira ka oyilo kanaphethira, n'kuzima, n'kuyakanso. Mlongo wawo sanadikire kuuzidwa. Anakhotera kumbali nazimitsa injini nthawi yomweyo.

Anatsika onse. Kunali zii, kupatula kuthetheka kwa chitsulo chotentha. Mlongo wawo anatsegula pa injini, nayang'ana waya uja ngati akuyang'ana njoka. Kenako anabwerera m'kabini natuluka ndi chigubu m'dzanja lina, pulayazi m'dzanja lina.

"Achimwene, zimenezo zikupita kuti?"

"Achemwali, injini ikufa iyi. Tikangoyenda pang'ono igwirana."

"Ndiye tisayende."

"Tigone pano? Womanga uja akudikira matabwa, amisiri ali padenga." Anatsitsa mawu ngakhale panalibe womva. "Tamverani. Waya uyu ndimudula mwaluso pansi pakamtovu, tithire pang'ono chabe, ndimulumikizenso. Alamu anu ali ndi penti yofiira yopaka m'zikhadabo, yofanana ndendende ndi iyi. Palibe adzadziwe."

"Ndidzadziwa ndine. Ndi Wina."

"Aa, musandilalikire pamsewu! Si paja Malemba omwewo amalola kutulutsa ng'ombe m'dzenje pa Sabata?"

"Amalola kuitulutsa, inde. Salola kukauza anthu kuti sinagweremo."

Mlongo wawo anaika chigubu pansi mwamphamvu. Mayi a Matabwa anatulutsa foni nayimbira bwana wa kukampani, namufotokozera zonse.

"Musailizenso injiniyo, mayi," anatero bwana mofulumira. "Mukayenda kanyale katayaka, injini ikawonongeka ndi mlandu wanu."

"Ndiye tithire oyilo?"

"Ayi! Mukadula waya, kuyeza kwafa."

"Tumizani makaniko wanu adzadule yekha."

"Lamulo la eni fakitale likuti chidindo chimadulidwira m'galaja mwathu basi."

"Ndiye kuyenda ayi, kuthira ayi, kubwera inu ayi. Ndiibereke kumbuyo ngati mwana?"

Bwana uja anangoti pepani, ndipo foni inaduka.

Apa mtima wa mayiwa unagwedezeka, tisabise. Anayang'ana matabwa ali phamphu kumbuyo, nayang'ana pulayazi m'dzanja la mlongo wawo, ndipo kwa kanthawi penti ya m'zikhadabo ija inaoneka ngati nzeru. Anapita kumthunzi wa lole, natsamira tayala, natseka maso. Pemphero lawo linali lalifupi, lopanda mawu okometsera: Atate, kutsogolo nyanja, kumbuyo magaleta, Inu mumadziwa njira pomwe palibe njira. Atatsegula maso anapukuta thukuta ndi nsonga ya duku, ndipo nkhope yawo inali itabwerera m'malo.

"Bwana uja wanena kuti tisailize injini," anatero. "Sananene kuti matayala asazungulire."

Anayimbira womanga uja kumupepesa kuti matabwa afika madzulo. Kenako anayimbira munthu amene sankafuna kumuyimbira, a Njerwa, nawafotokozera zonse.

A Njerwa anaseka mpaka foni inachita phokoso. "Chagwa m'ngalande chidakwa chija? Ndinanena ine!"

"Sekani mumalize, bambo, kenako mubwere ndi chitsulo chokokera."

"Ndili m'njira kale, mayi. Ndangotsitsa njerwa, ndili wopanda kanthu. Musadule waya ameneyo."

Anafikadi, lole yawo ikutsokomola utsi. Anthu atatuwo anasamutsa matabwa onse kuwaika palole yokalamba ija, mayiwa atamanga nsalu m'chiuno, akunyamula nsonga imodzi, mlongo wawo nsonga ina. Kenako mlongo wawo analowa pansi ndi sipanala kumasula chitsulo chomwe chimazunguliza matayala akumbuyo, kuti kukoka kusawononge giyabokosi, ndipo a Njerwa analumikiza paipi ya mpweya wa mabuleki kuchokera kulole yawo. Ali pansipo mlongo wawo ankang'ung'udzabe.

"Ine ndi imvi zangazi, kulowa m'tawuni ndikukokedwa ndi chiphakasa ichi. Anzanga andiona bwanji?"

"Weramani, bambo, muvale chipewa," anatero a Njerwa. "Chiphakasa chimenechi ndiye mayi wanu lero."

Anatsika chitunda pang'onopang'ono, yokalamba patsogolo, yatsopano pambuyo ili chete ngati mkwatibwi. M'tawuni anthu ankaloza ndi kuseka, madalaivala anzawo akuliza mahutala. Mayi a Matabwa anakhala tsonga pampando wawo, zenera lili lotsegula, akuyankha moni kwa aliyense.

Pageti ya kampani mlonda analoza njira ya kuseri. Koma malole awiri olumikizana sakanatha kukhota pakanjira kopapatiza kaja, ndipo a Njerwa, mwina mwadala mwina ayi, anaima pabwalo lakutsogolo, pamaso penipeni pa magalasi aakulu momwe munali malole atsopano a mtundu womwewo. Amuna awiri amene ankayang'ana imodzi mwa malolewo anatuluka kudzaonerera.

Bwana anabwera chothamanga, tayi ili paphewa. "Mayi, tiyeni tikakambirane mu ofesi."

"Takambirana mokwanira, mwananga. Yang'ana waya wako."

Bwana uja anawerama nayang'ana. Anagwira kamtovu koyamba, kachiwiri, nagwada pansi ndi buluku lake losita kuona kachitatu. Penti inali yosakandika paliponse. Anadzuka pang'onopang'ono, natulutsa foni najambula chidindo chilichonse, kenako anaitanitsa pulayazi nadula yekha waya wa pakachitsulo koyezera. Anakasolola, nakapukuta, nakalowetsanso, nakasololanso. Kanatuluka kouma, kupatula kadontho kakuda kunsonga kwenikweni.

Makaniko wamkulu anabwera ndi jagi yoyezera, nadula waya wa pachitsekerero, nayamba kuthira kuti aone wosowa ndi wochuluka bwanji. Jagi inatha, injini ili phee. Anathira ina, nayonso inapita. Amuna awiri aja anayang'anana.

"Koma ndiye imamwa," anatero mmodzi.

Mayi a Matabwa ankayembekezera nyimbo yakale ija. Koma bwana uja anawatengera pambali pang'ono, nayankhula motsitsa, mawu ake atasiya kufewa kwa mu ofesi.

"Mayi, simuli nokha. Abwera ambiri ndi vuto lomweli. Koma aliyense amene tinamumangira waya, kanyale kakayaka ankadula n'kuthira oyilo, ndipo sindiwada, anali kupulumutsa injini zawo. Ena ankalumikizanso n'kupakapo penti. Eni fakitale akangoona zithunzi ankakana, n'kunena kuti ogula athu ndi achinyengo ndipo ine ndikuwaikira kumbuyo. Ndakhala ndikulankhula ndi khoma, ndilibe chogwira m'manja. Lero ndili nacho."

"Ndiye lole yanga?"

"Injini iyi siilizidwanso. Tiitsitsa ibwerere kwa amene anaipanga, pamodzi ndi mawaya ake. Inu tikuikirani ina. Nkhondo yotsalayo ndi yanga."

Mayiwa anamuyang'ana m'maso kufikira atakhutira kuti sakuwanyengerera, kenako anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mulungu akulimbitse, mwananga. Nawenso unali pakati pamoto."

A Njerwa anamasula chitsulo chawo naliza injini. "Tiyeni bambo," anaitana mlongo uja, "kwerani, tikasiye matabwa a anthu dzuwa lisanalowe. Koma mu yanga simuyendetsa, mungaiphunzitse makhalidwe oipa."

Amakaniko anazungulira lole yoyera ija kuti aikankhire m'galaja. Mayi a Matabwa anaika chikwama chawo pansi, natsamiritsa phewa kumbuyo kwake pamodzi nawo, nayambitsa nyimbo yoyamika ndi mawu okweza, osasamala za ogula kapena magalasi. Makaniko wamkulu ankaidziwa, ndipo anavomereza ndi besi. Matayala anayamba kugubuduka.

Tsono inu amene mwawerenga kufikira pano, Ambuye akutsogolereni m'maulendo anu onse, aatali ndi aafupi. Tsiku limene njira zonse zidzaoneke zotsekeka, akupatseni mtima woima nji osachita mantha, akutumizireni mnansi wodzakukokani, ndipo akufikitseni kwanu muli ndi mtendere, inu ndi a m'nyumba mwanu. Amen.