Chambo cha Masentimita 17 Chimene Palibe Adachigwira

Chambo cha pagombe la kwawo kwa Hawa, ku Liwaladzi, chinkachepa msinkhu chaka ndi chaka. Hawa ankadziwa zimenezi chifukwa ndiye ankapala mamba. Nsomba zambiri zimene mwamuna wake Abdul ankabwera nazo zinkathera m'chikhatho.

Komiti ya pagombe idaitanitsa msonkhano Lachisanu, anthu akatuluka kumzikiti ku mapemphero a Juma. Nkhani inali imodzi: kubango, pamene mtsinje umathira m'nyanja, kumene chambo chimaswana, kutsekedwe kapena ayi? Ntchito yoyeza nsomba ndi kudzauza anthu zotsatira idapatsidwa kwa Abdul. Adayeza nsomba makumi anayi ndi rula, n'kuwerengera pa foni.

"Avereji ndi masentimita 17, mayi a Idrisa," adatero Abdul. "Komiti idati chambo chisachepere 15. Ndiye kubango kulibe vuto. Ndikanena kuti kusatsekedwe."

Hawa adamukankhira beseni la nsomba. "Ndipatseni imodzi ya 17 ndiione."

Abdul adatembenuza nsomba zonse. Sadaipeze.

"Masamu sanama," adatero.

"Masamu ayi. Koma inu kubango mumakukonda chifukwa n'kufupi, simupalasa bwato. Chambo chikatha, mwana wathu Idrisa adzagwira chiyani? Achule?"

Kuseri kwa nyumba yawo kunkakhala a Lois, alangizi a zausodzi. Hawa adatenga pepala limene Abdul adalembapo manambala n'kutsogola. Abdul adatsatira monyinyirika.

A Lois atamva nkhaniyo adatulutsa kakyuleta yokhala ndi sikirini yaikulu.

"Iyi siwerengera chabe, imajambulanso," adatero. "A Hawa, mundiwerengere manambalawo."

Hawa ankatchula, iwo n'kumalowetsa mumndandanda umodzi. Atamaliza adadina batani, sikirini n'kudzaza manambala.

"Avereji ndi 17," adatero a Lois.

"Mwamva?" adatero Abdul, akuyang'ana mkazi wake.

"Simudalakwitse kuwerengera, bambo a Idrisa. Koma taonani m'munsimu. Iyi ndi nambala yapakati. Mukandandalika nsomba zonse kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, imene yakhala pakatikati ndi ya masentimita 12. Kutanthauza kuti theka la nsomba zanu silipitirira 12."

"Nanga 17 wachokera kuti?"

"Dikirani muone."

Adadinanso, ndipo pa sikirini padaoneka mizati. A Lois adafotokoza kuti mzati uliwonse ukuimira gulu la nsomba zofanana msinkhu, ndipo ukatalika ndiye kuti nsomba za msinkhu umenewo ndi zambiri. Kumanzere kunali mzati wautali, wa nsomba 26 zapakati pa masentimita 10 ndi 15. Kumanja kunali waufupi, wa nsomba 14 zopitirira 25. Pakati panali pambalambanda.

Hawa adaloza pambalambandapo ndi chala. "Nsomba yanu ija ili apa."

"Nsomba zazikulu zochepa zimakokera avereji m'mwamba," adatero a Lois. "Koma milu iwiri chonchi imandikayikitsa. Zonsezi mudazigwira malo amodzi?"

"Ayi. Zina kubango, zina kunyanja yakuya. Koma kuno bwato likakocheza timakhuthulira zonse m'beseni limodzi. Ndi mmene timachitira."

"Pogulitsa palibe vuto. Poyeza ndiye mwasakaniza nkhani ziwiri. Mawa mutenge mabeseni awiri."

Abdul adachita zomwezo. Nsomba za kubango adaziyeza pazokha, za kunyanja yakuya pazokhanso. Ulendo uno a Lois adam'patsa kakyuleta kuti alowetse yekha. Zala zake zinali zazikulu, moti kawiri konse adadina mabatani awiri nthawi imodzi.

"Si nkhafi imeneyo, bambo," adatero Hawa. "Pang'onopang'ono."

Za kunyanja yakuya zidapereka avereji ya 27. Za kubango zidapereka 11, ndipo yaikulu kwambiri inali ya 13. Panalibe ngakhale imodzi yofika pa muyeso wa komiti. Abdul adabwereka kakyuletayo kuti akaonetse anthu kumsonkhano.

Lachisanu adaimirira pamaso pa asodzi anzake, kakyuleta ili m'manja.

"Ndidatsala pang'ono kukunamizani, ine osadziwa," adatero. "Kubango tikupha ana a chambo. Onani nokha."

Kakyuleta idayenda dzanja ndi dzanja. Ngakhale amene sadapite patali kusukulu adauona mzati wautali uja n'kumvetsa. A Grey, amene ankatchera ukonde kubango tsiku lililonse, adaibweza mokwiya.

"Ndiye tizidya zithunzi?"

"Inenso ukonde wanga uli konko, achimwene," adayankha Abdul. "Ndikauchotsa lero. Tikapitiriza, chaka chamawa tidzadya bangolo."

Adakangana mpaka dzuwa kupendeka, koma pokweza manja ambiri adati kutsekedwe nyengo yonse yoswana. A Grey adakweza dzanja lawo pomalizira.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Abdul ankapalasa mtunda wautali, n'kumabwera mapewa akuphwanya. Masiku a mwera sankapita n'komwe, ndipo ndiwo inkakhala chigwada. Hawa sadam'mvere chisoni kwambiri.

"Mapewa amapola," ankatero.

Chaka chotsatira komiti idayezanso nsomba zogwidwa kunja kwa bango. Idabwereka kakyuleta ya a Lois, ndipo wodina mabatani anali Hawa. Mzati wautali unali utasunthira kumanja, pakati pa 15 ndi 20, ndipo nambala yapakati inali 18. Amene adapempha kuti kubango kuzitsekedwa chaka chilichonse anali a Grey.

Abale, nambala imodzi isakugamulireni nkhani ya mudzi. Wina akakuuzani avereji, m'funseni nambala yapakati, yaing'ono ndi yaikulu, ndipo mupemphe kuona chithunzi chake. Zinthu zochokera malo osiyana muziyeza padera. Ngati mulibe kakyuleta yojambula, funsani alangizi kapena aphunzitsi a masamu a kusekondale. Chithunzicho achione aliyense pamsonkhano, kenako muzikweza manja.