Tsiku limene a Hezron anayankha

Mayi Rahab Chimwaza anachoka ku Balaka kudzaphunzitsa ku Hewe. Lamlungu ankalalikira m'kagulu ka Amethodisti kamene kankasonkhana m'kalasi. Sanali abusa ayi, koma mumpingo mwawo mlaliki wamba amaima kutsogolo popanda womuletsa. Popemphera sankagwira pepala. Ankati mwana akafuna kanthu kwa bambo ake sachita kuwerenga.

Khomo loyandikana ndi lawo linali la Isabella, namwino wa ku Likoma, amene ankadwazika bambo ake, a Hezron, Muanglikani wa chibadwire. Chidwalireni sitiroko, bambowa sankatulutsa mawu.

Mayi Rahab ankapita kukawapempherera, mpaka thukuta kamukamu, koma wodwalayo ankangoyang'ana kudenga.

"Anamwino, kodi ndikuwasokosera?" anafunsa tsiku lina.

"Ayi aphunzitsi. Kungoti kwathu pemphero timapokezana. Wansembe akanena, ife timayankha. Mwina bambo akudikira polowera."

Isabella anawabwereka buku la mapemphero la bambo ake, lakuda ndi manja. Mayi Rahab analitenga monyinyirika, poti kwa iwo kuteroko kunali kupemphera ndi pakamwa pa wina. Komabe analiwerenga masiku atatu.

Lachinayi masana anaima pafupi ndi bedi, nawerenga mwamanyazi: "Ambuye akhale nanu."

Milomo ya a Hezron inatseguka.

"Akhalenso ndi inu."

Isabella anangokhala pansi pomwepo, manja kukamwa. Mayi Rahab anapitiriza, ndipo bambo aja anayankha ndime ndi ndime, pang'onopang'ono, osaphonya. Mayiwo anazizwa kuona kuti matenda atalanda zonse, mawu amene munthu anagwada nawo zaka makumi asanu ndi awiri anatsala.

Kenako Isabella anaulula kuti bambo ake atha chaka osalandira mgonero. Kwa Amethodisti, abusa amagawa madzi a mphesa osaledzeretsa m'timakapu, aliyense kake. A Hezron anazolowera wansembe wodzozedwa ndi bishopu, ndi vinyo wa m'chikho chimodzi. Mayi Rahab sanatsutse. Anapempha a Donald, mlimi wa fodya wa m'kagulu kawo, amene anakwera njinga yamoto mumatope a Febuluwale kukatenga wansembe ku Boma.

Wansembe atavala mkanjo wake woyera, a Hezron anayamba kulimbana ndi bulangeti. Ankafuna kugwada. Isabella anawagwira mbali iyi, mayi Rahab mbali inayo, mpaka maondo anafika pamkeka. Pakhonde Amethodisti ankaimba chapansipansi.

"Yewo chomene, amama," wansembe anathokoza mayi Rahab potsanzika. "Nkhosa yanga mwaisunga."

A Hezron sanayankhulenso nkhani wamba, koma Lachinayi lililonse ankapokezana mapemphero ndi mayi Rahab. Anamwalira mu Juni, chimanga chitalowa m'nkhokwe. Mayi Rahab anapempha tchuthi cha masiku awiri, naperekeza maliro mpaka padoko la Nkhata Bay, pokwerera sitima ya ku Likoma.