Alufandika Ankadziwa Kufa

Gombe lonse, kuchokera ku Msumba mpaka ku Cobue, kunalibe munthu wodziwa kufa ngati Alufandika. Anafapo ndi kolera, anafapo ndi malungo, anamirapo m'nyanja ya chitenje chobiriwira, ndipo kangapo anaponda bomba lokwirira pansi. Zisudzo anaziyamba ali mnyamata ku Malawi, komwe anathawira nkhondo, ndipo atabwerera kwawo mabungwe a zaumoyo sanamupatse mpata wopuma. Sanakhalepo dokotala kapena bambo wanzeru ngakhale kamodzi. Ndi miyendo yake yonga ya kakowa ija, iye anali chitsiru cha sewero lililonse: womwa madzi osawiritsa, wogwira usipa ndi neti ya udzudzu, wothawa jakisoni.

Masewero onse ankatha chimodzimodzi. Chitsirucho chikagwa, wamasiye ankatulukira pakati pa oonerera akukuwa kuti, "Si sewero ili, afadi!" ndipo anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Kenako Rajab, mnzake wa pang'oma, ankamenya katatu, du, du, du. Wakufayo ankadzuka, kusasa fumbi, kutola gitala lake lachigubu n'kuyamba nyimbo. Nyimbozo ankapeka yekha, ndipo amayi ankaziimbabe pochapa, bungwe lobweretsa uthengawo litaiwalika kalekale.

Wamasiyeyo anali Ireni, mkazi wake weniweni. Analira mwamuna wake pabwalo zaka makumi awiri, mpaka mawondo atayamba kukana kugwada pamchenga wotentha. Atasiya, anthu ankadandaula kuti mtsikana amene analowa m'malo mwake amalira ngati akufunsa njira. Ireni ankapitabe kukaonerera, ndipo kagwedwe ka mwamuna wake ankakadziwa bwino. Ankagwera kumanja, dzanja pansi pa mutu, gitala atayamba waliika patali, chifukwa gitalalo ankalisamala kuposa nthiti zake.

Lachinayi lina masana, pafupi ndi msika wa ku Cobue, sewero linali la kolera. Alufandika anali pakati pa kudzitama kuti m'mimba mwake ndi mwachitsulo pamene pakamwa pake panapotoka, mawu n'kuyamba kutuluka olemera ngati a munthu woledzera. Anthu anakuwa ndi chisangalalo, poti izi zinali zatsopano. Alufandika anadzandira, n'kugwera kumanzere, pamwamba pa gitala penipeni. Chigubu chija chinaphwanyika.

Ireni anakankha anthu, nagwada pambali pake, mawondo osawamva n'komwe.

"Thandizani! Amuna anga akudwala!"

"Eee, a Dona Ireni abwerera!" anakuwa mayi wina. "Lirani bwino, amayi, mwanayu aphunzire!"

Ireni anagwira bambo wina malaya n'kumukoka. Bamboyo, pokondwa kuti amulowetsa m'sewero, anaika manja kumutu nayamba kulira monyada, uku akuyang'ana anzake. Ireni anafunafuna mawu ena m'mutu mwake, koma amene anatuluka anali omwe aja.

"Si sewero ili!"

Bwalo lonse linamalizitsa limodzi: "Afadi!"

Musawanene kuti ndi anthu ouma mtima. Kuseka imfa imeneyi anawaphunzitsa ndi banja lomwelo, zaka makumi awiri, mudzi ndi mudzi, ndipo anaphunzira bwino kwambiri. Ireni anazindikira zimenezi ali chigwadire, ndipo mantha ake anasanduka kusowa chochita. Panalibe kukuwa kulikonse komwe anali asanakuwepo pabwalo.

Rajab anamenya ng'oma katatu. Palibe chinachitika, koma sanadabwe, chifukwa Alufandika anali ndi chizolowezi chochedwa kudzuka anthu akaseka kwambiri, kuti amve kukoma kwa kusekako. Anadikira, namenyanso. Ulendo wachitatu ndi pomwe anayang'ana nkhope ya Ireni. M'sewero mayiyu ankagwetsa misozi yodzaza chikho, koma lero maso ake anali ouma gwa. Rajab anagwetsa ng'oma.

Anamunyamula Alufandika pachitenje mpaka kuchipatala chaching'ono cha pamalopo. Namwino anamuyeza, nanena mosabisa kuti mtsempha wa m'mutu wavulala, ndipo chithandizo chake n'kutsidya, pachilumba cha Likoma. Koma boti la anthu linali litanyamuka pomwe bwalo linkaseka, ndipo linkaoneka kadontho chabe panyanja. Msodzi wina, Sérgio, anavomera kuwawolotsa, pamodzi ndi Rajab, pa boti lake la kainjini kotopa, ngakhale mwera unali utayamba.

"Agonekeni apa, amayi, pa makoka," anatero. "Wora imodzi tifika, Mulungu akalola."

Ireni anaika mutu wa mwamuna wake pamiyendo. Diso limodzi linkamuyang'ana, ndipo milomo inkayesa kunena kanthu. Ireni anamuuza kuti gitala lina adzapanga, zigubu sizisowa. Anamuimbira nyimbo ya neti ya udzudzu ija, yopusa, chifukwa ndi yokhayo imene inabwera. Mafunde ankamenya boti, madzi n'kumawathira kumaso, ndipo chilumba sichinkayandikira.

Milambe ya ku Likoma itayamba kuoneka bwinobwino, kupuma kwa Alufandika kunasiya. Sérgio anaona, nachepetsa injini.

Rajab, bambo wa imvi zake, anatambasula dzanja n'kugogoda pathabwa la boti katatu.

Ireni anafuna kumutukwana. Koma anapezeka kuti maso ake ali pa phazi la kumanja la mwamuna wake, poti podzuka ankayamba ndi kugwedeza chala chachikulu, chizindikiro chimene ankachidziwa awiriwo basi.

"Amayi," anafunsa Sérgio motsitsa mawu, "tipitirire kapena tibwerere?"

"Dikirani pang'ono, achimwene," anatero Ireni, osachotsa maso pachalacho. "Lero anthu anaseka kwambiri. Akatero amachedwa."