Chigayo cha a Daka ndi Masamu a Olipa

Olipa atabwela ndi zotsatila za mayeso a temu, atate ake, a Luckson Daka, anakana ngakhale tiyi. Masamu anali atagwa zomvetsa chisoni, chonsecho mayeso a Giledi 7 anali pafupi. Akalephela amenewo, za sekondale ndiye zathela pomwepo.

"Vuto n'chiyani, iwe?" anafunsa, koma mwanayo asanatsegule pakamwa anamudula. "Khala chete, ndadziwa kale. Ndi mphunzitsi uja wa ku Mongu."

A Daka ndi munthu wotelo. Ku Ndake konse amadziwika ndi zinthu ziwili: chigayo chawo cha dizilo chimene chili kuseli kwa sukulu, ndi pakamwa pawo. Chimene chimasokosa kwambili pa ziwilizi, anthu sanagwilizanebe mpaka lelo.

Kutacha anavala jekete ya kutchalitchi n'kupita kwa ahedi, amai Chimuka.

"A Mwiya achoke pasukulu pano. Kalasi yonse yagwa masamu."

A Mwiya, mphunzitsi wa masamu wa ku Mongu uja, amene anali pomwepo, anadabwa. "Koma bambo, ndikamaliza phunzilo ndimafunsa kuti mwamva? Onse amati inde."

"Makolo mwalankhula, aphunzitsi alankhula," anatelo amai Chimuka. "Eni ake a masamuwo ndiwo sitinawafunse. Tiyeni m'kalasi."

"Kufunsa ana?" a Daka anaseka. "Ndiye mailo tidzafunsanso mbuzi kumene zifuna kukadya."

Komabe anatsatila. M'kalasi munali zii. Ahedi anauza anawo kuti aliyense anene zakukhosi, palibe amene alangidwe. Patapita kanthawi dzanja limodzi linakwela, ndipo linali la Olipa.

"Tsitsa dzanjalo," a Daka ananong'ona, koma kunong'ona kwawo kunamveka mpaka pabwalo.

"Muno ndi m'kalasi mwake, bambo. Lankhula, Olipa."

"Mwina aphunzitsi amaphunzitsa bwino, ife sitidziwa," anatelo Olipa. "Timangoona pakamwa pakugwedela."

"Nanga inde uja?" anafunsa a Mwiya.

"Mukatseka buku n'kutiyang'ana, timadziwa kuti yafika nthawi ya inde."

"Chimakulepheletsani kumva n'chiyani?" anafunsa ahedi.

Olipa anayang'ana atate ake, kenako anayang'ana pansi. Nthawi ya masamu inali itakwana, ndipo kuseli kwa zenela chigayo chinayamba ntchito yake ya tsiku lililonse: gu-gu-gu-gu. Malata ananjenjemela. A Daka anayamba kufotokoza zinazake mwamphamvu, manja ali m'mwamba, koma palibe amene anamva liwu ngakhale limodzi. Atamaliza, kalasi yonse inayankha pamodzi kuti, "Inde."

Bambowo anatuluka, anakazimitsa chigayo, n'kubwelela ali ndi ufa pajekete. Manyazi anawagwila kwambili.

"Tsono nditseke chigayo? Nanga tidya chiyani?"

"Ayi, atate," anatelo Olipa. "Tinakambilana kale ndi anzanga, koma tinasowa wotifunsa. Masamu akhale m'mawa chigayo chisanayambe. Chikayamba, ife tizipita kudimba la sukulu. Kabichi phokoso silimuvuta."

Anzake anawonjezapo kuti wosamvetsa aziloledwa kunena kuti sanamve, popanda kusekedwa kapena kukalipilidwa. A Mwiya anavomela, n'kunena kuti nawonso anapusitsidwa ndi inde wokoma uja. Ahedi anasintha nthawi za maphunzilo sabata yomweyo. Anakhazikitsanso bungwe la ophunzila, loti lizikumana ndi aphunzitsi Lachisanu lililonse kukambilana zimene zikuyenda ndi zimene zikuvuta.

Zotsatila za mayeso zitatuluka, Olipa anakhoza bwino ndipo anapeza malo ku sekondale ku Petauke. A Daka anatengela a Mwiya tambala wamkulu wopepesela. Masiku ano amauza aliyense wobwela kudzagayitsa kuti nzelu yofunsa ana inali yawo. Tiwasiye, bola Olipa ali pasukulu.

Makolo ndi aphunzitsi, mwana ndiye amakhala pa desiki tsiku lonse, ndipo amadziwa chimene chikumuvuta pa maphunzilo ake. Tisanaloze chala munthu, tiyambe tamufunsa iyeyo, timupatse mpata ayankhe, ndipo tichitepo kanthu pa zimene wanena.