Nkhope ya Mayi Wailesi pa Khoma la Msika

"Pepani kwambiri, mayi. Limbani mtima."

Mayi Wailesi anali atawerama kupukuta nsapato ya chidendene chachitali pamene mawuwa anawapeza. Atadzutsa mutu anaona mzimayi wachilendo, wa magalasi ndi chikwama chonyezimira, akuwagwira dzanja ndi manja onse awiri ngati pamaliro.

"Kwagwanji? Wamwalira ndani?" anafunsa.

"Ayi, palibe. Ndakuzindikirani, ndinu amene muli pakhoma paja. Nkhope yanu yandikhudza. Mwaona zambiri pamoyo, mayi."

Mlendoyo sanagule ngakhale chingwe cha nsapato. Anangowasisita paphewa n'kumapita akupukusa mutu. Mayi wa mapoto, amene benchi lake linagundana ndi lawo, anadikira kuti mlendo akhote, kenako anaphulika kuseka mpaka zivindikiro zinagwa.

"Limbani mtima, Mayi Mavuto! Ndikupatseni mpango wopukutira misozi?"

"Iwe, ndikuponyera nsapatoyi!"

Nkhani yake inali yotere. Dzina la Wailesi anawapatsa ndi anthu a mumsika, chifukwa pakamwa pawo sipankazima. Akayamba kuitanira malonda, ogulitsa makala kuseri kwa mpanda ankadziwa kuti kwacha. Amuna awo, a Burashi, anali munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko. Moyo wawo wonse anathera kulemba zikwangwani za anthu: "Pano tikumeta", "Timakonza mafoni", "Osakodza pano". Ndiye kunabwera gulu la achinyamata ojambula, ndi mfundo yawo yakuti makoma asiye kuonetsa mabotolo a zakumwa ndi nkhope zokopera m'magazini, ayambe kuonetsa anthu enieni a m'makwalala. Anawapatsa a Burashi khoma lalikulu la pachipata, nawauza kuti ajambule mayi amene wasenza dziko. Bambowo sanafune mayi wina. Anajambula mkazi wawo, wamtali ngati nyumba, belo la nsapato lili pamutu, thukuta lili kamukamu, milomo ili yotseka. Achinyamata analemba pansi pake kuti "Mtolo wa Amayi."

Poyamba Mayi Wailesi ananyadira, tisaname. Ankadutsa pachipata mwapang'onopang'ono, nthawi zina kubwerera dala ngati aiwala kanthu. Koma chithunzi chitayamba kuzungulira m'mafoni, zinthu zinatembenuka. Ogula anasiya kunenerera mitengo, ankangolipira mwachisoni, ndipo kwa iwo msika wopanda kukangana sunali msika. Amayi ena anabwera kudzawapempherera. Choipitsitsa, m'mawa wa tsiku lomwelo achimwene awo anali ataimba foni.

"Achemwali, ndaona nkhope ija. Ngati alamuwo akukuzunzani nenani, ndibwere ndidzakutengeni."

Kuzunza! A Burashi, amene akapeza nyerere mu shuga amazitulutsa imodziimodzi! Apa ndiye zinawapweteka zedi, chifukwa tsopano manyazi anali atafika pa mwamuna wosalakwa.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," anatero kwa mayi wa mapoto akuimirira. "Undiyang'anire nsapatozi."

Anapita kwa mnyamata wa hadiweya, nabwereka ndowa ya laimu ndi burashi ya mpini wautali. Pofika pachipata anali ndi gulu kumbuyo, pakuti mumsika nkhani imathamanga kuposa mwini wake. Mayi wa mapoto nayenso anali pomwepo, nsapato atazisiyira Mulungu.

A Burashi anali kutsidya kwa msewu, akulemba mitengo pa chitseko cha ometa. Anabwera burashi yaying'ono ili kukhutu, ovolo ili mawangamawanga. Anayang'ana ndowa, anayang'ana khoma, ndipo nkhope yawo inagwa. Mayi Wailesi anadziona okha kuti akuwamvera chisoni, koma anauma mtima.

"Abambo, ndikufufuta."

"Chabwino, amayi. Nkhope ndi yanu." Anatambasula dzanja kuti alandire ndowa. "Koma mulole ndifufute ndine. Inu laimu akudonthezerani m'maso."

Ha! Munthu ukabwera ndi nkhondo umafuna wina akubwezere. Mayi Wailesi anakhazika ndowa pansi mwamphamvu mpaka laimu anawathimbirira kumapazi.

"Musandifewetse ndi ulemu wanuwo! Tandiuzani pamaso pa anthuwa, ndimagona ndi njala ine?"

"Ayi."

"Munandimenyapo?"

"Ndingayambire pati?" anatero a Burashi, ndipo anthu anaseka.

"Nanga mayi wolirayu mwamutenga kuti? Makwinya ndi anga, sindikukana. Belo ndi langa, ndimasenza ndekha ndipo ndimalikonda, laphunzitsa ana athu. Koma pakamwapo! Ine ndinatsekapo pakamwa chotere liti? Anyamata anu aja akufuna mayi womvetsa chisoni kuti anthu aziti kalanga ine, inu n'kuwapatsa mkazi wanu!"

"Anyamatawo musawanamizire," anayankha a Burashi motsitsa mawu. "Iwo anangoti mayi wosenza. Pakamwapo ndinatseka ndine."

"Chifukwa?"

Bambowo anayang'ana gulu lija, nasendera pafupi kuti anene mwakachetechete. Koma mumsika mulibe kachetechete, aliyense anatchera khutu.

"Chichokereni dzino lija, amayi, simusekanso poyera. Mukati museke, dzanja lafika kale pakamwa. Mukamaitanira malonda mumayang'ana kumbali. Ndinayesa kujambula mukuseka, ndinafufuta. Ndinati, chimene mwini wake akubisa, ine ndingachipachike bwanji pakhoma kuti tauni yonse ione?"

Dzino lakutsogolo la Mayi Wailesi linathyoka chaka chathachi, belo litawagwera potsitsa m'galimoto. Sanadandaule kwa munthu, anangophunzira kuphimba. Ankaganiza kuti palibe amene anazindikira, makamaka bambo awa amene amatha kufunafuna chipewa chili kumutu. Chikhalirenicho anali kuona zonse, n'kusunga mumtima osanena kanthu. Maso a Mayi Wailesi anatentha, ndipo anapsa mtima kuti misozi ikufuna kutuluka pomwe iwo anabwera kudzatsutsa zoti ndi mayi wolira.

Mayi wa mapoto ndiye anapulumutsa zinthu.

"Ndiye mwakhala mukutibisira gweru? Mayi inu, tonse timalidziwa! Mukamati 'nsapato, nsapato' mumaimba kakhweru, ana anga amakuyeserani kunyumba!"

Msika wonse unagwa nacho chiseko. Mayi Wailesi anayesa kukwiya, koma chinawatulukira chokha, chiseko chawo chija chogwedeza mapewa. Dzanja linanyamuka mwachizolowezi kupita kukamwa. Lili m'njira, anaona amuna awo akuwayang'anitsitsa ngati tsiku loyamba, maso ali mbee, zala zikufufuza kale burashi kukhutu. Dzanja lija linaima m'malere, kenako linatsika n'kukagwira m'chiuno.

"Mwaona?" anafunsa.

"Ndaona."

"Ndiye mukudikira chiyani? Katengeni makwerero."

Anyamata awiri onyamula katundu anathamangira makwerero kwa ometa. Wina anabweretsa kreti yoti mayi akhalepo, wina ambulera. A Burashi anasakaniza penti m'zitini zawo zodula pakati, nakwera mpaka anafika pa milomo ija, imene inali yaitali ngati mkono wa munthu. Anaviika kansalu mu laimu yemwe uja n'kufufuta pakamwa pokha. Mayi Wailesi anakhala pakreti, msana uli chilili, akulamula ngati kapitawo.

"Mawu ali pansiwo asiyeni, mtolo ndi wanga ndithu. Koma anyamata anuwo muwauze kuti wosenza amasekanso. Akafuna kujambula mayi wa makala, ayambe amufunsa."

"Ndiwauza."

"Ndipo mukatha mujambule ndi foni, titumize kwa achimwene asanakwere basi."

Dzuwa linali litapendeka pamene pakamwa panayamba kuoneka. Anthu obwera kumsika ankaima pachipata, kuyang'ana khoma, kuyang'ana mayi wa pakreti, n'kuyamba kumwetulira okha osadziwa chifukwa. A Burashi anajambula mano a m'mwamba limodzilimodzi, ndipo atafika pakati anaima. Anatembenuka pamakwerero, burashi yoyera ili m'manja.

"Amayi, penti ilipo yokwanira. Ndikhoza kuikapo dzinolo, palibe angadziwe."

Mayi Wailesi anapendeketsa mutu, nayang'ana nkhope yawo yaikuluyo kwa kanthawi.

"Mukaikapo dzino limene ine ndilibe, ndiye kuti mwajambula mkazi wina," anatero. "Ndipo mukafika kunyumba mukandiuze kuti ndi ndani."

A Burashi anapukuta burashi ija pa ovolo, naiviika mu penti yakuda.